Chimbale chachiwiri cha The Strokes: kodi olemba ndemanga anachiweruza mwachilungamo?

Wosunga Zimbale wa ku Zomba:
Akuluakulu ndi achinyamata nonse a pagulu lino, ndikupempha kuti tikambirane za Room on Fire, chimbale chimene gulu loimba la ku New York lotchedwa The Strokes linatulutsa mu Okutobala 2003. Chinali chimbale chawo chachiwiri, ndipo chinabwera patapita zaka ziwiri kuchokera pamene chimbale chawo choyamba, Is This It, chinawatchukitsa mu 2001. Anyamatawa anali asanu: Julian Casablancas woimba ndi kupeka nyimbo, Nick Valensi ndi Albert Hammond Jr. pa magitala, Nikolai Fraiture pa besi, ndi Fabrizio Moretti pa ng'oma. Wamkulu mwa onsewo, Casablancas, anali ndi zaka 25 zokha.

Chimene chimandizunguza mutu ndi kusiyana kwa malikisi amene chimbalechi chinalandira ndi mbiri imene chinatsala nayo. Pitchfork, webusaiti ya ndemanga za nyimbo, inachipatsa 8.0 pa 10, magazini ya nyimbo ya ku Britain ya NME inachipatsa 9 pa 10, ndipo magazini ya ku America ya Rolling Stone inachipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pamsika chinafika pa nambala 2 ku Britain ndi pa nambala 4 ku America, pamene chimbale choyamba chinali chitalekera pa nambala 33 ku America komweko. Komabe mukawerenga ndemanga zambiri za nthawi imeneyo mupeza dandaulo limodzi lobwerezedwabwerezedwa, lakuti anyamatawa angojambulanso chimbale choyamba chija n'kuchipatsa dzina lina. Dandaulo limeneli ndi limene linakhazikika m'mitu ya anthu kwa zaka zambiri, malikisi aja n'kuiwalika.

Maganizo anga ndi akuti olemba ndemanga ambiri sanaweruze nyimbo khumi ndi imodzi zimene zinali m'makutu mwawo. Anaweruza lonjezo limene iwo eni anapereka kwa owerenga mu 2001, pamene ankalemba kuti anyamatawa abwera kudzapulumutsa nyimbo za rock. Ndikufuna ndimve ngati alipo wonditsutsa.

Mtolankhani Wopuma:
Bambo a ku Zomba, ine ndikutsutsani, ngakhale kuti sindikutsutsani pa zonse. Ntchito ya wolemba ndemanga si kupereka malikisi kokha, koma kuuza owerenga ngati oimba apita patsogolo kapena aima pamodzimodzi, ndipo pa mfundo imeneyi olembawo anali ndi zifukwa zomveka. Zimbale ziwirizi zili ndi nyimbo khumi ndi imodzi chilichonse, zonse sizifika mphindi 40, ndipo zonse zinakonzedwa ndi munthu mmodzi, Gordon Raphael. Mawu a Casablancas akumvekabe ngati akudutsa m'lamya yakale, magitala awiri akugawanabe ntchito monga poyamba, ndipo nyimbo zambiri zikungodukiza mwadzidzidzi pa mphindi zitatu. Munthu amene wamvera zonsezi n'kulemba kuti zikufanana sananame.

Komanso tisaiwale kuti mwayi wosintha unalipo ndipo anyamatawo anaukana okha. Ntchito yojambula chimbalechi inayamba ndi Nigel Godrich, amene anakonza OK Computer ya Radiohead mu 1997 komanso Sea Change ya Beck mu 2002, munthu wodziwa kutambasula nyimbo kuti ikhale ndi mlengalenga waukulu. Sanakhalitse naye. Anaona kuti zimene zinkatuluka zinalibe moyo umene iwo ankafuna, choncho anabwerera kwa Raphael n'kumaliza ntchitoyo mofulumira. Nkhani imeneyi inali itafalikira kale chimbale chisanatuluke, motero wolemba aliyense anakhala pansi kumvera akudziwa kuti gululi linayesa njira yatsopano n'kuithawa. Kodi mukanakhala inu, simukanalemba kuti anachita mantha?

Mphunzitsi wa Gitala:
Achikulire, ndiloleni ndilowererepo monga munthu amene ntchito yake ndi kumvera zingwe. Ndikuvomereza kuti mafupa a zimbale ziwirizi ndi amodzi, koma kunena kuti palibe chatsopano ndi kumvera mwapatalipatali.

Tiyambe ndi "12:51", imene inatsogola kutuluka n'kufika pa nambala 7 ku Britain. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mawu otsetsereka amene amatsatira woimba m'nyimboyi ndi a kiyibodi, koma ndi gitala ya Valensi, imene anaichotsa kuthwa konse mpaka inayamba kulira ngati makina a m'ma 1980. N'chifukwa chake olemba ena anaiyerekeza ndi nyimbo za gulu la The Cars. Pa chimbale choyamba mulibe chinthu chotero, ndipo kaliridwe komweko kakumvekanso mu "The End Has No End". Ndiye pali "Automatic Stop", imene gitala yake imagwa pakati pa kugunda kwa ng'oma monga zimakhalira mu rege, ndipo aliyense wa ife amene anakula akumva rege angaizindikire msanga. Palinso "Under Control", nyimbo yoyenda pang'onopang'ono yotengera kaimbidwe ka soul, mmene Casablancas akuimbadi m'malo mong'ung'udza. Mu 2001 gululi likanachita manyazi kuimba nyimbo yofatsa chonchi.

Koma kumene ndimaona kukula kwenikweni ndi mu "Reptilia". Besi ikuyamba ikugogoda noti imodzi pamodzi ndi ng'oma, kenako magitala awiri akulowa, wina akukwapula makodi mosapuma pamene mnzake akuluka kanyimbo kakekake pamwamba. Pakati pa nyimboyo zida zina zikukhala chete kuti gitala imveke yokha, ndiyeno zonse zikubwereranso pamodzi mosaphonya ngakhale pang'ono. Ophunzira anga akaiyesa amazindikira kuti kuvuta kwake sikuli pa liwiro la zala, koma pa kudziletsa, chifukwa aliyense ali ndi gawo lake lochepa ndipo akangowonjezera kanthu nyimbo yonse imasokonekera. Gulu silifika pamenepa popanda kuimba pamodzi usiku ndi usiku, ndipo anyamatawa anali atatha nthawi yaitali akuzungulira maiko ndi chimbale choyamba. Za Godrich ndinene mwachidule kuti kukana projusa wotchuka pamene dziko lonse likukuyang'ana kumafuna mtima wolimba kuposa kumuvomera.

Mnyamata wa ku Area 25:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa nkhani zimenezi ndipo ndili ndi funso. Ndimawerenga kuti The Strokes ndi gulu la garage rock, pamodzi ndi The White Stripes, The Hives ndi The Vines, koma ndikamvera magulu anayiwa sindikumva kufanana kwenikweni. The Hives amakuwa ndi kuthamanga, pamene The Strokes amamveka odekha ndi okonzeka bwino. Ngati mtundu wa nyimbo umenewu maziko ake ndi kusasamala za ukhondo wa mawu, n'chifukwa chiyani olemba ndemanga ankayembekezera kuti chimbale chachiwiri chikhale chosiyana ndi choyamba? Kodi magulu akale a mtundu umenewu ankasintha chimbale chilichonse?

Woimba Ng'oma wa ku Chipata:
Funso lanu ndi labwino, mng'ono wanga, ndipo lakhudza pamene pagona nkhani. Nyimbo zimenezi zinayamba ku America m'ma 1960, pamene achinyamata ankaphunzira kuimba m'magalaja a makolo awo ndi zida zotchipa, makodi atatu ndi mphamvu zambiri. "Louie Louie" ya The Kingsmen ya mu 1963 ndi nyimbo za The Sonics ndi zitsanzo zodziwika, ndipo mu 1972 Lenny Kaye anasonkhanitsa nyimbo zambiri za nyengo imeneyo m'chimbale cha Nuggets. Magulu ambiri a nthawiyo ankatchuka ndi nyimbo imodzi n'kuzimirira, moti nkhani ya chimbale chachiwiri sinkawakhudza n'komwe. Kwathu kuno ku Zambia, magulu a Zamrock a m'ma 1970 monga WITCH ndi Amanaz anali ndi magitala aukali otere, ndipo omvera a masiku ano amawakonda chifukwa cha ukali womwewo.

The Strokes anatengako kaonekedwe ndi kufupika kwa nyimbo, koma mizu yawo yeniyeni ili mu New York wa magulu akale a The Velvet Underground ndi Television. Kusasamala kumene kumamveka pa Is This It kunali kokonza mwadala. Casablancas ankaimbira m'kaampulifaya kakang'ono kuti mawu ake amveke ophwanyika, ndipo mu "Hard to Explain" ng'oma za Moretti zinakonzedwa kuti zimveke ngati makina, ngakhale kuti akuimba ndi munthu. Choncho olemba ndemanga anawaika m'khola la garage pofuna kugulitsa nkhani ya gulu la magulu atsopano, koma pofika pa chimbale chachiwiri anawayeza ndi muyezo wa Radiohead, umene umafuna kuti gulu lizisandulika chimbale chilichonse. Miyezo iwiriyi siyendera limodzi, ndipo palibe amene anafunsapo gulu lakale la ku New York la The Ramones chifukwa chimene zimbale zawo zoyambirira zinkafanana.

Mayi wa ku Leeds:
Ndikuthokoza achimwene a ku Chipata chifukwa cha kufotokoza kumeneko. Ine ndikufuna kuwonjezera za manyuzipepala a nyimbo a kuno ku Britain, chifukwa popanda kuwamvetsa nkhaniyi sitingaimvetse. The Strokes anatchuka kuno asanatchuke kwawo. Mu Januwale 2001 kampani ya Rough Trade inatulutsa The Modern Age, kachimbale ka nyimbo zitatu zokha, ndipo pofika pakati pa chaka chomwecho NME inali itawaika kale pachikuto, chimbale chathunthu chisanatuluke. Pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Reading cha chaka chimenecho anawachotsa m'chihema chaching'ono n'kuwapititsa pa nsanja yaikulu chifukwa cha unyinji wa ofuna kuwaona, ndipo mu 2002 anali m'gulu la oimba akuluakulu otseka usiku ku Reading ndi ku Leeds. Chaka chomwecho analandira mphoto ya Brit ya oimba atsopano ochokera kunja.

Nthawi imeneyo NME inkatuluka sabata iliyonse, ndipo magazini yotuluka sabata iliyonse imafuna nkhope yatsopano pafupipafupi. Pofika mu 2003 masamba ake anali atadzaza ndi gulu la The Libertines, ndi mikangano ya oimba ake Pete Doherty ndi Carl Barât, imene inali nkhani yokoma kuposa anyamata asanu a ku New York ongobwera ndi nyimbo zabwino. Mu Epulo chaka chomwecho The White Stripes anatulutsa Elephant, mmene muli "Seven Nation Army", ndipo chimbale chimenecho chinamveka chachikulu ndi cholimba mtima, moti chilichonse chobwera pambuyo pake chinkaoneka chaching'ono. Anthu amaiwala kuti Elephant chinali chimbale chachinayi cha Jack ndi Meg White, amene anapatsidwa mpata wokula pang'onopang'ono ku Detroit popanda dziko kuwayang'anitsitsa. The Strokes mpata umenewo sanaupeze.

Panalinso kanthu kena kamene olemba ankakonda kukabwereza, kakuti anyamatawa ndi ana a anthu olemera. Bambo ake a Casablancas ndi amene anayambitsa kampani ya Elite Model Management, bambo ake a Hammond ndi wopeka nyimbo wotchuka, ndipo anyamata awiriwa anadziwana ku sukulu yodula ya Le Rosey ku Switzerland. Mu 2001 zimenezi zinkakambidwa ngati nkhani yongosangalatsa, koma chidwi chitayamba kuzirala zinasanduka umboni wakuti majekete ong'ambika amene ankavala anali chinyengo. Sindikuona mmene chuma cha makolo chimasinthira noti imodzi ya "Reptilia", koma m'dziko lino nkhani ya kumene munthu anabadwira siichedwa kulowa m'ndemanga.

Mtolankhani Wopuma:
Mayi, zimene mwanena za kaganizidwe ka magazini ndi zoona, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito m'chipinda cholembera nkhani amadziwa njala ya nkhope yatsopano. Koma musawachotsere anyamatawa mlandu wonse. Nyimbo zingapo za pa Room on Fire, monga "Meet Me in the Bathroom" ndi "The Way It Is", anali ataziimba kale pamaso pa anthu mu 2002, choncho zinabadwa m'nyengo yomweyo ya chimbale choyamba ndipo n'zosadabwitsa kuti zikununkhira chimodzimodzi. Atasiyana ndi Godrich anatsala ndi miyezi yochepa yoti amalize zonse, ndipo Valensi mwini wake ananena pambuyo pake kuti chimbalecho chikanakhala bwino koposa akanapatsidwa masabata ena ochepa. Ngati woimba gitala wa gululo akuvomereza kuti ntchito inathamangitsidwa, wolemba ndemanga amene anamva kuthamanga kumeneko sitingamunene kuti anali ndi kaduka.

Aphunzitsi a gitala atchula nyimbo zisanu zosonyeza kukula, ndipo ndikugwirizana nawo pa zinayi. Nanga zisanu ndi chimodzi zotsalazo? "You Talk Way Too Much" ndi "I Can't Win" mutaziika pa chimbale choyamba palibe amene angazindikire kuti ndi zobwera.

Wosunga Zimbale wa ku Zomba:
Achikulire, pamenepo mwandipatsa chida chokutsutsirani. Ngati nyimbo ingakhale pa Is This It popanda wina kuidandaula, ndiye kuti ndi nyimbo yabwino zedi, pakuti chimenecho ndi chimbale chimene NME inachitcha chopambana pa zaka khumi zonsezo pamene inkawerengera mu 2009. Kufanana ndi chinthu chabwino kwasanduka bwanji mlandu?

Ndipo tili ndi mwayi wodziwa chimene chinachitika anyamatawa atamvera uphungu wa olemba ndemanga. Kumayambiriro kwa 2006 anatulutsa First Impressions of Earth, chimene mbali yaikulu anachikonza ndi David Kahne. Anachita zonse zimene anapemphedwa: mawu a Casablancas anawayeretsa, ng'oma zinakula, nyimbo zinafika 14 ndipo chimbale chinapitirira mphindi 50. Chinafika pa nambala 1 ku Britain, koma Pitchfork yomwe ija inachipatsa 5.9, ndipo olemba ambiri anadandaula kuti chatalika, chatopetsa, ndipo gulu lataya chimene linali nacho. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo gululi litagwa chagada chotero linatha zaka zisanu lisanatulutse chimbale china, mpaka Angles mu 2011. Sindikunena kuti ndemanga zokha ndi zimene zinawasokoneza, chifukwa kutopa ndi kusamvana kwa m'gulu zinalipo, koma n'zovuta kukhulupirira kuti mnyamata wa zaka 25 angawerenge dandaulo limodzi m'magazini onse n'kusalisunga mumtima.

Yerekezaninso ndi The Vines a ku Australia, amene Rolling Stone inawaika pachikuto mu 2002 monga umboni wakuti rock yabwerera. Chimbale chawo chachiwiri, Winning Days cha mu 2004, chinalandiridwa mozizira kwambiri ndipo kutchuka kwawo sikunabwererenso pamene kunali. Chimenecho ndiye chimbale chachiwiri chopunthwa. Room on Fire sichili m'gulu limenelo, ngakhale kuti kwa zaka zambiri chinkatchulidwa ngati kuti chilimo.

Mayi wa ku Leeds:
Pa mfundo ya kufulumira ndikufuna kutchula Arctic Monkeys a ku Sheffield, amene sabisa kuti anayamba kuimba chifukwa chosirira The Strokes. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu Januwale 2006, chachiwiri, Favourite Worst Nightmare, chinatuluka mu Epulo 2007, ndipo nacho sichinapite kutali kwambiri ndi choyamba, kungoti chinali chothamanga ndi cholemera koposa. Olemba anachilandira ndi manja awiri ndipo chinafika pa nambala 1. Kusiyana kumene ndikuona n'kwakuti Arctic Monkeys sanapatse olemba zaka ziwiri zoti azilota chimbale chimene sichikanatheka, komanso panalibe nkhani ya projusa wotchuka amene anamusiya panjira. Mwina Room on Fire chikanatuluka mu 2002 bwenzi chikutchedwa kupitiriza kwabwino.

Mnyamata wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Ndingowonjezera kuti kwa ife amene tinadziwa gululi mochedwa, nkhani ya kufanana ilibe mphamvu imene inali nayo kwa olemba a mu 2003. Achinyamata ambiri anakumana ndi "Reptilia" m'magemu a Guitar Hero III ndi Rock Band a mu 2007, ena anaipeza pa intaneti, ndipo ambiri anamva Room on Fire asanamve Is This It. Munthu wotere akafika pa chimbale choyamba amachiona ngati chosakhwima poyerekeza ndi chachiwiri. Kodi ndemanga imene imadalira kuti womvera wayamba ndi chimbale chiti tingaitche ndemanga ya nyimbo, kapena ndi ndemanga ya nyengo?

Mtolankhani Wopuma:
Mwana wanga, ndemanga iliyonse ndi ya nyengo yake, chifukwa wolemba amapatsidwa masiku ochepa ndipo amalembera anthu amene akufuna kudziwa ngati awononge ndalama zawo sabata imeneyo. Munthu amene anali kale ndi Is This It m'nyumba anali ndi ufulu wouzidwa kuti chimbale chatsopanochi sichimupatsa dziko lina. Chimene ndingavomereze n'chakuti olembawo analephera kusiyanitsa mawu awiri, akuti chimbalechi si chodabwitsa ndi akuti chimbalechi si chabwino, ndipo owerenga anamva achiwiriwo pamene malikisi ankanena zosiyana. Koma pa nkhani ya Godrich sindisuntha. Ndikanakonda kumva zimene akanatulutsa akanapirira naye mpaka kumapeto, ngakhale zikanakhala zolakwika.

Mphunzitsi wa Gitala:
Achikulire, zimenezo ndi zofuna za wolemba nkhani, pakuti gulu likalakwitsa mochititsa chidwi inu mumapeza cholemba, koma amene amanyamula chimbale cholakwikacho kukachiimba mzinda ndi mzinda kwa chaka chathunthu ndi anyamata asanu aja. Komabe sindikufuna kuti zimveke ngati ndikuti chimbalechi chilibe chilema. Vuto limene ine ndimalimva si kufanana ndi choyamba, koma kasanjidwe ka nyimbo. Zinayi zoyambirira, kuchokera pa "What Ever Happened?" kufika pa "12:51", ndi zamphamvu kwambiri moti zitatu zotsatira zimamveka zofooka kuposa mmene zilili, ndipo womvera amadzukanso pokhapokha "Under Control" ikayamba. Akanaika "Under Control" pa nambala 5 n'kusunthira "Between Love & Hate" chakumapeto, ndikukhulupirira kuti olemba ambiri akanamva kusiyanasiyana kumene anati kulibe. Bambo a ku Chipata, inu amene mumamvera ng'oma kuposa tonsefe, tiuzeni ngati kagundidwe ka Moretti mu "The Way It Is" kakukwanira kunyamula nyimbo imeneyo, chifukwa ine ndimaona kuti ndi yokhayo imene ndikanaisiya kunja.